Madiresi a Chinkhoswe ndi Tebulo Lomwe Ndinaiwala

Achemwali anga ndi telala ku Kawale. Miyeso ya makasitomala ankailemba ndi choko pachitseko ndi pakhoma, ndipo ikafufutika ankaimbira munthu foni kuti abwerenso adzayezedwe. Ine, ntchito itandithera, ndinkangozungulira pakhomo ngati nkhuku yofuna kuikira. Tsiku lina ndinawauza kuti ndiwapangira detabesi pa laputopu yanga yakale.

“Ndiye chinyama chanji chimenecho?” anafunsa, mapini ali kukamwa.

Inenso ndinali ndisanachidziwe bwino. Ndinkaphunzira pafoni, bando ikatha n'kumayesa ndekha. Ndinamva kuti chinthu chilichonse chimalembedwa kamodzi, pamalo pake. Ndinapanga tebulo, ndiye kuti mndandanda wa m'detabesimo, la anthu ndi miyeso yawo, aliyense ndi nambala yake, ndi tebulo lina la maoda. Oda iliyonse inkaloza nambala ya munthu, miyeso n'kutuluka yokha. Zitatheka ndinagwada n'kuthokoza Mulungu wa dongosolo, amene amawerenga ngakhale tsitsi la m'mutu mwathu.

Kenako kunabwera mayi wina wa ku Area 23, wojintcha bwino, atanyamula nsalu za chinkhoswe cha mwana wa mchimwene wake. Mwambo wake ndi womwewo: banja limagula nsalu yamtundu umodzi, azakhali amodzi n'kutengera onse kwa telala. Anatchula azibale ake, onse makasitomala akale a achemwali, n'kuchenjeza kuti nsaluyo inatha kumsika, ikaonongeka palibe ina. Ndinalemba maodawo, n'kuwakopera achemwali miyeso papepala kuchokera pa laputopu.

Mtima sunakhale pansi. Ndinkatsegula laputopu, kuitseka, kuitsegulanso, osaona cholakwa.

Lachitatu masana ndinapita ku mapemphero a kumlaga wa mpingo wathu. Mkulu wa mpingo anawerenga za anthu aja ananyamula mnzawo wofa ziwalo n'kumutsitsira padenga. Anati tione bwino: onyamula ndi ena, wofunika kuchiritsidwa ndi wina. Pomwepo ndinaona cholakwa changa. Detabesi yanga inkadziwa munthu mmodzi yekha pa oda, yemwe waima pakhomo ndi nsalu. Madiresi onse aja ndinawamangirira pa nambala ya azakhali, ndipo pepala lomwe ndinapatsa achemwali linali ndi chiuno chimodzi chokha, chobwerezabwereza.

Sindinadikire pemphero lotsekera, Ambuye andikhululukire. Ndinakwera kabaza, n'kumamuuza mnyamata wopalasayo kuti afulumire pamene njinga ikulira kale.

“Achemwali, siyani sizasi!”

Anatembenuka, nsalu ina ili kale zidutswa patebulo. Inali ya mayi ake a mkwatibwi, munthu wochepa thupi.

“Wandiopsatu iwe. Kwagwanji?”

Ndinafotokoza mwaphuma. Anayang'ana pepala lija, n'kuyang'ana zidutswa.

“Ndiye banja lonse lavala thupi la azakhali? Ine ndimati mwina akudya bwino chaka chino. Ndinati makina akowa sanama.”

“Sananame, achemwali. Anayankha zomwe ndinawafunsa.”

Ndinakhala pampando wa makasitomala n'kukonza pomwepo. Ndinapanga tebulo lachitatu, la zovala. Oda imakhala ya wobweretsa, koma pansi pake chovala chilichonse chimaloza nambala ya wochivala. Tinaimbira azakhali aja kuti atchulenso mayina mmodzimmodzi, iwo akudabwa kuti tikufunsiranji zomwe ananena kale. Miyeso inatuluka yosiyanasiyana monga Mulungu anawaumbira.

Achemwali anayala zidutswa zija n'kujambulanso ndi choko, m'katikati mwa mizere yoyamba. Nsalu inakwana, ina n'kutsalako ya duku.

“Uthokoze kuti azakhaliwo ndi onenepa,” anatero. “Chachikulu chimachepetsedwa. Akanakhala kanthu kowonda, bwenzi ukupita wekha ku Area 23 kukafotokozera mayi ake a mkwatibwi za matebulo akowo.”

Ndinathokozadi. Koma diresi ilo lisanayezedwe pathupi la mwini wake Lachisanu, ndinkangotuluka ndi kulowa m'shopumo, mpaka achemwali anandituma kukagula ulusi womwe anali nawo kale.