Linki yochokera kumudzi kwa bambo

Bambo anga anali kalipentala ku Glen View mumzinda wa Halale, kumene anthu amakhomera masofa ndi mabedi pamtetete. Anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo sanabwererekonso. Anali mtchona, ngakhale mawu amenewa ankadana nawo kwabasi.

Ndinawapangira webusaiti yotsatsira mipando yawo. Pansi pa zithunzi ndinalemba dzina lawo, mfunda wawo ndi mudzi wa kwawo, kungokometsera. Ndinali nditaphunzira kuti webusaiti imakwera pamndandanda wa makina ofufuzira pa intaneti ngati mawebusaiti ena aika malinki olozera kwa iyo, choncho Loweruka lililonse ndinkaona pafoni malinki amene abwera ndi amene atayika. Kwaya ya kutchalitchi kwathu itatiikira linki, tinakwera. Wogulitsa nsalu za masofa atachotsa yake, tinatsika. Bambo ankaseka, amvekere, “Kani makinawa nawonso amayamba afunsa kuti umadziwana ndi yani?”

Tsiku lina ndinapeza linki yachilendo yochokera ku Malawi. Inali pa katsamba ka pa intaneti ka mphunzitsi wina wolemba nkhani za m'dera lakwawo. Iye analemba kuti mayi wina wokalamba akufunsa ngati kalipentala ameneyu ndi mlongo wake amene anapita ku Halale kalekale. Pansi pake panali malo oyankhirapo.

Nditawawerengera, bambo anaika nyundo pansi.

“Usayankhe kaye, mwanangu,” anatero. “Ndiwauza chiyani? Kuti zaka zonsezi ndikugonabe m'chipinda cha lendi? Dikira ndimalize kanyumba kamene ndikumanga ku Caledonia, adzabwere adzafikire pakhomo panga.”

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti achemwali awo akufuna iwo, osati malata. Anandiyang'ana ndi diso loti nditseke pakamwa, ndipo ndinatsekadi. Kwa amuna a msinkhu wawo, kuonekera kwa abale uli chimanjamanja kunali manyazi oposa kusowa kumene.

Kuchokera pamenepo anasiya kufunsa ngati takwera kapena tatsika. Loweruka likafika ankangoti, “Ikadalipo?” Ine ndinkati, “Ikadalipo, bambo.” Zipupa zinafika pamawindo, simenti inatha, mvula inagumula mbali ina. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma mwana sauza bambo ake mwambi.

Kenako Loweruka lina linki ija inapezeka m'gulu la zotayika. Katsamba ka mphunzitsi uja sikankatsekukanso. Pamndandanda tinangotsika pang'ono, poti kwa makinawo inali linki yopanda pake. Bambo atamva, anavula epuloni n'kupita kwa mnzawo wa kutchalitchi amene ankakonzekera ulendo wa kumudzi ku Malawi pa basi, kukamutuma kuti akafufuze za achemwali awo. Mnzawoyo anabwerako ndi mawu akuti mayi aja anaikidwa m'manda mvula isanayambe.

Zimandiwawabe mpaka lero, chifukwa yankho lake linali la mawu awiri okha: “Ndine ndithu.”

Nyumba ija inatha. Muli chipinda chimene bambo anaikamo bedi lokongola kuposa onse amene anagulitsapo, koma timangosungiramo matabwa.