Sevu yachiwiri ndi bambo a pabenchi

Zaka zimene ndinali kalaliki ku esiteti ya nzimbe kufupi ndi Dwangwa, ndinkasewera tenisi pakalabu Loweruka lililonse. Chimene chinkandivuta chinali sevu yachiwiri, mwayi womaliza womenya mpira woyambitsira masewera. Yoyamba ikagwera kunja, mkono unkangouma gwa, mpira wachiwiriwo n'kukakodwa muneti ngati usipa.

Pabenchi sipankasowa bambo ena opuma pantchito, amene kale ankayang'anira mathirakitala. Ankavala zoyera kuyambira chipewa mpaka nsapato, laketi yawo yomenyera mpira ili m'chikwama. Zaka ziwiri zathunthu laketiyo sindinaione, koma pakamwa pokha!

"Achimwene, ponyani mpira m'mwamba! Pindani mawondo! Ife nthawi yathu sevu inkachita kulira."

Sabata yotsatira ankati ndikuponya m'mwamba kwambiri. Ine kupusa, ndinkamvera zonse, ndipo ndikaima pamzere ndinkangoganiza za maso awo.

Loweruka lina mnzathu wochokera ku Liwaladzi anachedwa ndi minibasi, tinatsala atatu. Mayi ena anamwino amene tinkasewera nawo anatembenukira kubenchi.

"Bambo, lero tithandizeni tikwane anayi."

"Bondo, mayi, bondo likundivuta."

"Ndiliona ine likatupa. Dzukani."

Anthu anali akuyang'ana, moti pothawira panalibe. Zipi ya chikwama inali itachita dzimbiri, tinachita kuthandizana kuitsegula. Itafika nthawi yawo yoseva, mpira woyamba unakamenya waya wa mpanda. Wachiwiri ndinauona ndi maso angawa. Anauponya, anauphonya, n'kuwagwera paphewa. Anaseva kasanu ndi katatu, palibe ndi umodzi womwe umene unalowa.

"Ndi mwera uwu," anatero, pamene ngakhale tsamba la nzimbe silinkagwedera.

Sindinaseke. Ndinapsa mtima, makamaka ndi ine mwini, poona munthu amene ndinkamuopa nthawi yonseyi.

Lolemba nditaweruka ndinapita kukalabu kuja ndi ndowa ya mipira yakutha. Anamwino aja anandionetsa chinthu chimodzi chokha: usaumenye pakati mpirawo, uupale kumbuyo chokweza kuti uzizungulira, udzatsika wokha. Miyezi itatu ndinkachita zomwezo, mpaka mkono unazolowera. Ndimalakwitsabe nthawi zina, koma mtima sugundanso.

Bambo aja anasowa milungu itatu. Atabwerera, tsiku lina sevu yanga itakhazikika, ndinawamva akuuza mlendo wina, akundiloza ndi chala: "Mukuona sevu iyo? Ndinamuphunzitsa ndine ameneyu."