Zala Ziwiri za a Agnesi Zilole

A Agnesi Zilole ndi a Benedicto Dziwani anakumana koyamba pakhomo pa sukulu ina kufupi ndi Lobi, chaka chija pulayimale inakhala yaulere. A Agnesi anali mmisiri woumba mbiya ndi mitsuko. Tsikulo anabwera atatsogoza mwana wawo wamkazi, Temwani, wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene sankayankhula, sankayang'ana munthu m'maso, ndipo sankalola kugwidwa dzanja. A Dziwani ndiwo anali mphunzitsi wamkulu. Belu litalira, Temwani anatseka makutu n'kudzigwetsa pansi akukuwa.

"Mayi, kuno si kosungira zitsiru," anatero a Dziwani, amayi onse akumva. "Nyemba zanu zimabereka za anzanu zitafota. Tikudziwa ife. Mwanayu munamukhwimira, nzeru zake munachita chizimba cha kumunda. Bwererani nayeni."

Mawuwo anafika kuchitsime a Agnesi asanafike kunyumba. Kuyambira pamenepo ankangotchedwa "aja anadya nzeru za mwana," ndipo mitsuko yawo inkachita ndere pakhonde popanda woifunsa. A Agnesi sanalire pagulu. Anagwira korona wawo wopempherera n'kulumbira kuti pakamwa pomwe panawadetsa ndi pomwe padzawatsuke, anthu akuona.

Onse awiri ankapemphera tchalitchi chimodzi. Wansembe akati anthu apatsane moni wa mtendere, a Dziwani, pokhala mkulu wa mpingo, ankayenda mzere ndi mzere. Akafika pa a Agnesi, iwo ankalowetsa manja m'chitenje n'kuyang'ana kuguwa. Anatero zaka makumi awiri ndi zisanu, osaphonya Lamulungu n'limodzi lomwe.

Namwino wina ku Boma anawauza kuti vuto la Temwani ndi otizimu, ndi chibadwa, si za mankhwala ayi. Koma mawu a namwino sakanafika kuchitsime. A Agnesi anasiya kumukakamiza mwanayo kuyankhula, nayamba kumuyang'anitsitsa. Anaona kuti m'mawa uliwonse ankapita palichero la nyemba, n'kumapatula napilira payekha, kholophethe payekha, nanyati payekha, kenaka n'kuzindandalika mizere yowongoka ngati anayeza ndi chingwe. Tsiku lina anamuikira pafupi mtsuko wauwisi, iwo n'kuchokapo. Pobwera anapeza khosi lonse la mtsuko lazungulira nyemba zodindidwa m'dongo. Powotcha nyembazo zinapsa, koma mabowo ake anatsala ngati mkanda. Mitsuko ya Temwani inamveka mpaka ku Kabwazi.

Amayi amene ankabisa ana otere m'nyumba anayamba kubwera mmodzimmodzi, mozemba. Lamulo la a Agnesi linali limodzi: masiku atatu oyamba palibe kuphunzitsa, palibe kufunsa. Kholo likhale pamkeka, lione kumene manja a mwana akubwererabwerera. Wokonda kuthirathira madzi ankamupatsa dongo loti aponde. Wokonda kuzunguza zinthu ankamupatsa khonje loti apote.

Ndiye kunabadwa Vikitoriya, mdzukulu wa a Dziwani. Anafika zaka zisanu osatulutsa liwu, ndipo anthu anayamba kunong'ona kuti chigayo cha banjalo sichikuyenda chabe. Mkuluyo, atapuma kale ntchito, anafika pabwalo pa a Agnesi chipewa chili m'manja.

"Odi, mayi Zilole."

"Aa, aphunzitsi! Mwasochera? Kuno n'kosungira zitsiru."

"Ndabwera ndi mwana."

"Munamukhwimira chani? Chigayo chija?"

A Agnesi anawasiya chiimire padzuwa mpaka anamaliza kusalaza mbiya yonse. Mtima wawo unkafuna kunena kuti bwererani nayeni, monga momwe anawauzira iwo. Koma mtsikanayo anali atatseka makutu ngati Temwani wa kale uja.

"Mwana alibe mlandu, alowe," anatero. "Inu muli nawo. Mukhala pamkekapo masiku atatu ngati amayi onse. Mukatha, mukaime m'tchalitchi nthawi ya zolengeza, mukabweze zomwe munanena. Mukakana, inu musadzapondenso pano."

M'mawa mwake mkuluyo anabwera ndi sileti ndi choko. A Agnesi anazilanda n'kuzisomeka kudenga.

"Pano mphunzitsi ndi mwanayu. Inu tsekani pakamwa, mutsegule maso."

Munthu amene anazolowera kuyankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo anakhala duu, miyendo itachita dzanzi, amayi odutsa akutsinana. Tsiku loyamba anati mwanayo sakonda kalikonse. A Agnesi anati, "Ndiye kuti simunaone. Mwalephera, mubwereze." Tsiku lachitatu a Dziwani anadzuka pamkeka.

"Makoko a chimanga, mayi! Akumang'amba tizingwe tofanana, kenaka akumatisanja."

"Mwakhoza mochedwa," anatero a Agnesi. Ananyika makoko m'madzi, namuonetsa Vikitoriya kuluka kamodzi kokha. Pofika masika mtsikanayo ankaluka timphasa toikapo mbale.

Lamulungu lotsatira masiku atatu aja, a Dziwani anaima kutsogolo. Anayamba mozungulira, zoti tonse ndife ochimwa. A Agnesi anakhosomola mwamphamvu kuchokera kumbuyo, nati, "Tchulani dzina, aphunzitsi." Anatchula. Ananena kuti anawanamizira a Agnesi Zilole, kuti Temwani sanakhwimiridwe, ndipo kuti chitsiru tsiku lija anali iwowo. A Agnesi anabwerera kunyumba akuyenda ngati namwali.

Koma manja sanatuluke m'chitenje.

Chaka chomaliza cha moyo wawo a Agnesi ankabwera ku Misa pandodo, Temwani atakhala pambali pawo, nyemba zili m'thumba la diresi. Lamulungu lina a Dziwani, nawonso atawerama msana, anafika pamzere wawo natambasula dzanja monga mwa masiku onse. A Agnesi analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatulutsa zala ziwiri zokha, nakhudza nazo chikhatho cha mkuluyo.

"Ziwiri zokha, mayi?"

"Izi n'zanga. Zitatu zotsalazo n'za Temwani. Kapempheni kwa mwini wake."

A Dziwani anatembenukira kwa Temwani, dzanja lili m'malere. Temwani, amene sanagwirepo dzanja la munthu chibadwire, anali kusanja nyemba pabenchi, ndipo sanatukule n'komwe mutu.