Mendulo ya ababa inapita ndi chisuweni

Linali Lachiwiri, 2 koloko masana, bokosi la ababa likutuluka m'nyumba mwathu ku Matawale, pamene ndinatenga mendulo yawo ndi kuipereka kwa msuweni wanga. Palibe anandilanda. Ndinapereka ndekha ndi manja angawa. Inu owerenga, ndalemba izi kuti zimene zinandigwera ine zisadzakugwereni.

Ababa anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Analembedwa usilikali ali mnyamata konkuno ku Zomba, kenako anawakweza sitima yapamadzi mpaka ku Burma. Za kumeneko sankakonda kukamba. Ankangoti mvula yake siikata, nsapato zinkawolera kumapazi, ndipo anzawo ena anatha ndi malungo asanamuone n'komwe mdani. Iwo anabwerako akukoka mwendo wamanzere, ndipo anaukoka mpaka tsiku lomwalira.

Nkhondo itatha, onse amene anamenyera kudera limenelo anapatsidwa mendulo. Inali nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, yachitsulo chooneka ngati mkuwa, yokwana pachikhatho cha mwana. Pakati pake panali zilembo za mfumu ya ku Mangalande ya nthawi imeneyo, pamwamba pa zilembozo chisoti chachifumu. Mozungulira munali mawu a Chingerezi amene ine sinditha kuwerenga, poti sukulu sindinapite nayo patali. Inkalendewera pakansalu kofiira pakati, m'mbali muli mizere yabuluu ndi yaolenji. Ababa ankati anauzidwa kuti mzere waolenjiwo ukuimira dzuwa, n'kumaseka kuti amene anasankha mtunduwo sanapondeko ku Burma nthawi ya dzinja. Ankaivala kamodzi pachaka, mu Novembala, popita kuchipilala chokumbukira asilikali m'tauni muno. Akabwerako ankaikulunga m'mpango n'kuibweza m'sutukesi.

Ine ndine chitsirizira chawo. Amuna anga atamwalira ndinabwerera pakhomo, ndipo ababa atayamba kufooka ndine ndinkawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pamphasa. Tsiku lina tili awiri m'chipinda anandiuza kuti nyenyeziyo ndidzasunge ine. Ndinangoti chabwino ababa, osaitana ngakhale munthu mmodzi kuti adzamve nawo.

Msuweni wanga uja ndi a Fanuwelo, mwana wa azakhali anga, mlongo wawo wa ababa. Nthawi yonse ya matenda aja, iwo anabwera kamodzi kokha. Anaima pakhomo atatseka mphuno ndi mpango, n'kunena kuti ali pachangu. Koma pamaliro anafika atavala suti, akulamula anthu pokhala. Mukudziwa nokha mmene chisuweni chimakhalira kwathu kuno. Msuweni amakutchula mkazi wake, amakutengera kanthu pamaso pa anthu, iwe sukwiya. Tsono bokosi likunyamulidwa anandiyandikira n'kuti, "Mkazi wanga, malume apite ngati munthu wamba? Bweretsa nyenyezi ija nditsogole nayo." Ndinaona ngati ndi ulemu. Ndinathamangira kusutukesi.

Pochokera kumanda anati adzabweza tsiku lometa. Tinameta, osabweza. Ndikafunsa ankangoti, "Ili kwa mwamuna wako, ukuopa chiyani?" Anthu n'kuseka, ine n'kuchita manyazi kufunsanso.

Patapita miyezi, a Nachisale, anzanga oyandikana nawo nyumba amene amagulitsa zipatso kuphiri, anandiitanira kuseri. Anati, "Achemwali, Loweruka mukwere nane. Ine sindingathe kufotokoza, mukaone nokha."

Tinakwera m'mamawa panjira yachidule, n'kukafika pafupi ndi damu la Mulunguzi, pamene anyamata amayala ziboliboli ndi miyala yokongola podikira alendo. Pamenepo ndinaona gulu la anthu litazinga munthu, mafoni ali m'mwamba. Anali a Fanuwelo. Anavala kabudula wa khaki wa pakaunjika, ndodo ili paphewa ngati mfuti, nyenyezi ya ababa ili pachifuwa. Anaipaka penti wagolide moti chisoti chachifumu chija chinakwiririka, ndipo inkalendewera pachingwe cha nsapato. Ankaguba uku akukoka mwendo wamanzere, chimodzimodzi mmene ankayendera ababa. Anatsanzira ndi kutsokomola kwa ababa komwe, kumene kunkandisowetsa tulo. Kenako anadzigwetsa pansi ngati wawomberedwa, miyendo m'mwamba, alendo n'kumafa ndi phwete. Atadzuka anayamba kuyendetsa chipewa.

Inu owerenga, ndasamalira odwala, ndachapa zimene ena sangazigwire, koma sindinanyansidwepo ngati tsiku limenelo. Ndinachita kulavulira paudzu.

Ndinalowa pakati pa gululo n'kunena kuti, "A Fanuwelo, mwendo mukuseweretsawo ndinkausambitsa ine." Iwo, fungo la kachasu lili thoo, anakuwa kuti, "Onani, mkazi wanga wandilondola!" Anthu anaseka poganiza kuti ndi mbali ya sewero. Ndinafunsa za kansalu kaja. Anati kankanunkha matenda, anakaponya m'chimbudzi. Nditati andipatse mendulo ya ababa, anaitembenuza n'kundiyandikizira kumaso. "Werenga apa, ngati umatha. Dzina la malume lili pati?"

Kumbuyoko kunali see, kopanda chilembo ngakhale chimodzi. Zaka zonsezo ndinali ndisanaganizepo zoitembenuza ndi maso ofufuza. Ndinamva pambuyo pake kuti mendulo zimenezi asilikali athu ankapatsidwa choncho, zofanana zonse, zopanda dzina la mwiniwake. A Fanuwelo ankadziwa zimenezi. Anauza anthu aja kuti iyi anaigula kwa munthu wina ku Blantyre, ndipo ine ndasokonezeka ndi maliro.

Nkhaniyi ndinakaitula kwa akuluakulu a kuchimuna. Kumeneko a Fanuwelo anasintha mawu, anavomera kuti ndi ya malume awo. Koma akuluakulu anati chinthu cha mwamuna chimapita kwa ana a mlongo wake, ndipo palibe anamva malemu akunena zosiyana ndi zimenezo. Za kuguba kuja anati ndi chisuweni chabe, ndisakulitse nkhani. Mmodzi anafika pondifunsa kuti munthu wamkazi kachitsulo ka asilikali ndikufuna ndikatani nako. Ndinanyamuka osatsanzika.

Tsono ndikupempheni, inu amene mukusamalira makolo okalamba. Akakuuzani kuti chakuti udzasunge iwe, musangoti chabwino muli awiri m'chipinda. Itanani akuchimuna, itanani akuchikazi, itanani ndi mkulu wa mpingo, makolowo anene okha pakamwa pawo akadali ndi mphamvu. Chinthucho chitembenuzeni, muone ngati chili ndi dzina. Ndipo tsiku la maliro musatulutse kanthu m'nyumba, ngakhale wopemphayo abwere ndi nthabwala zotani. Mutu wa namfedwa sugwira ntchito tsiku limenelo, ndipo alipo anthu amene amadikira dala tsikulo.

Mendulo ija sindinaipezebe. A Fanuwelo akadali nayo, ndipo alendo akachuluka amakaguba. Ine Loweruka lililonse ndimakwera phiri ndi a Nachisale, ndimakayala chitenje pamwala moyang'anana ndi a Fanuwelo, n'kumangowapenya mpaka dzuwa litapendeka. Kuguba amaguba ndithu, koma ndikakhala pamenepo mwendo uja saukoka.