Mkamwini wa Pagolo

Masiku ano ndimamva pa wailesi kuti wosewera mpira uyu wagulidwa, uyo wagulitsidwa, ngati mbuzi pa msika wa ku Ulongwe. Kwathu sitinkagula. Tinkakwatitsa. Mwamuna akakwatira ankasamukira kwa mkazi, kukamanga nyumba ndi kulima munda wa apongozi ake, ndiye miyendo yake inkapita naye limodzi. Mudzi wobereka ana aakazi ambiri ndiwo unkamwetsa zigoli.

Mpira tinkaonera chilimwe, titakolola. Mvula ikagwa bwalo linkasanduka matope, mpira nkuupachika kudenga, koma pakamwa pa anthu sunkatha ayi. Nthawi imeneyo ndiyo akamwini atsopano ankasamuka kuti akayambe khasu, ndiye pakhonde pa kantina nkhani inali imodzimodzi kuyambira m'mawa: tataya ndani, tapeza ndani.

Chaka ndikunenachi Apwitikizi adakalipo, Ulongwe akumutcha Vila Coutinho. Ife tidataya wa pagolo. Adakakwatira ku Domwe osatsanzika ngakhale kwa mitengo ya golo. Amalume, mlongo wawo wa amayi, adadwala nazo. Iwowo ndiwo anali eni mpira, wachikopa, womanga ndi chingwe pakamwa, umene adabwera nawo kuchokera ku ntchito ku Halale. Ukaphwa ankaukulunga m'jekete nkuyenda wapansi mpaka ku Fonte Boa kukapempha chopopera kwa apadiri, tsiku lonse kutha, chifukwa pamudzi pathu panalibe ndi njinga yomwe.

Tsidya la dambo kunali mudzi umene tinkadana nawo pa mpira, ndipo wa pagolo wawo anali mtalimtali ngati nsungwi, zikhatho ngati malichero. Anali wosakwatira. Pamtundu pathu mtsikana wosakwatiwa ndidatsala ndine ndekha. Tsiku lina ndikudutsa ndi nkhuni pamutu ndidaona amalume akundiyang'ana ndi diso lija amayang'anira ng'ombe.

Vuto lake linali lakuti ine munthu ndinali naye kale. Wamfupi, wofatsa, wogulitsa kachewere pa njinga kutsidya kwa malire. Adali atandipatsa duku lofiira la chikole, ine nkulibisa pansi pa mphasa. Mpira ankauopa ngati njuchi. Ukamadza kumene waima, ankagwira chipewa nkutsinzina.

Amalume atandiitana ndidagwada nkunena.

"Amalume, ine munthu ndili naye."

"Amasewera pati?"

"Sasewera."

"Kumbuyo?"

"Sasewera konse, amalume."

"Nanga Lamulungu amatani?"

"Amapuma."

Amalume adavula chipewa, nkuyang'ana m'kati mwake ngati muli yankho. "Mwana wa mlongo wanga, ndakulera ndi manja awa, ndiye undibweretsere munthu wopuma? Chilimwe chikubwerachi pagolo tiimikapo chiyani? Chikondi?"

Musaseke. Masiku amenewo mawu a amalume ndiwo anali ukwati. Atati wa pagolo, ndiye wa pagolo. Ankhoswe adawoloka dambo, ine ndikulirira mumtondo.

Wa pagolo uja adavomera, koma adadziwa mtengo wake. Adati akufuna mashuteira, nsapato zija za mpira za misomali kunsi. Adati akufuna mbuzi. Kenaka adanena chimene chidagawa mudzi pakati: chaka choyamba sagwira khasu, kuopa matuza m'manja.

Iii, mudzi udawira. Kuchitsime, kumunda, ngakhale kumaliro anthu ankanong'onezana zomwezo.

"Mkamwini wosalima?" adatero amayi, musi uli m'manja. "Njala ikabwera tidzaphika zigoli?"

"Inu simudziwa mpira, alamu," adayankha azakhali, amene pa bwalo ankakuwa kuposa amuna onse mpaka mawu kutha masiku atatu. "Manja amene aja si a khasu. Ku Vila osewera amawapatsa ndalama, maesikudu enieni, ndi buledi wa nsomba za sadinya akatuluka m'bwalo. Ife tikulira ndi mbuzi imodzi?"

"Mbuziyo ndi ya yani?"

"Ipezeka."

"Ipezeka m'khola mwanga, si choncho?"

Pa kantina amuna adagawikana. Ena ankati mbuzi yachepa, awonjezere nkhuku, a tsidya angamubweze. Ena ankati munthuyo wakalamba, chaka chatha adamwetsedwa chigoli akuyasamula. Mdala wina wosaona bwino, amene sadaonepo mpira ukulowa koma ankangofunsa oyandikana nawo, ndiye ankakuwa kwambiri kuti ngati wa pagolo salima, iyenso mwana wake wosewera kutsogolo asiye kufolera nyumba, angagwe nkuthyoka mwendo. Akamwini akale, amene adalowa m'mudzi ndi khasu lokha, adayamba kudandaula kuti iwo sadapatsidwe ngakhale dzira. Mlamu wanga, mwamuna wa mkulu wanga, adati chilimwe chikubwerachi azithamanga theka la bwalo basi.

A tsidya nawonso sadagone. Adatumiza mawu kuti mtsikanayo abwere kwawo chitengwa, apereka ng'ombe, mnyamata wawo asachoke. Amalume adabweza mthengayo asadamwe ndi madzi omwe. Ine m'nkhani zonsezi palibe adandifunsa. Ankanditchula pakati pa mbuzi ndi mashuteira.

Munthu wanga wa njinga ndidakumana naye pa mlatho wa mitengo. Adati, "Ndiphunzire mpira kodi?" Ndidamuyang'ana miyendo, nkumuuza kuti asadzivute.

Nzeru idandibwerera panjira ya kumunda. Ndinali pambuyo pa amayi, kutsogolo kukubwera mlamu wanga uja. Atangowaona amayi adadumphira m'thengo, m'chitedze momwe, nkunjuta chozolika mpaka tidadutsa. Ndiwo unali mwambo: mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, saima iwo ali pafupi, ndipo kuwalozetsa mbuyo ndiye mlandu weniweni. Ndidaima njo. Akamwini osewera kutsogolo akawaona apongozi ankangothamangira mbali ina ya bwalo. Koma wa pagolo athamangira kuti? Onse amene adaimapo pagolo pathu anali ana a pamudzi. Amalume zimenezi sadaziganize.

"Amayi," ndidatero, "bwanji simupita kukaonera mpira?"

"Ndikaone amuna aakulu akuthamangitsa chikopa?"

"Mukadangopita kamodzi. Ndi amayi aakulu, ndi amayi aang'ono onse. Kuseri kwa golo kuli mthunzi wabwino."

Amayi adayenda pang'ono. Kenaka ndidaona mapewa awo akugwedezeka ndi kuseka.

Amalume adakonza zomuyesa munthu wawo tsiku lotsatira Natale, Khirisimasi ija, mvula itadukiza. Adaitana anyamata a ku Fonte Boa kuti adzasewere nafe, mtali uja aime pagolo pathu. Ankhoswe anali atalankhulana kale, choncho kwa iye amayi anali apongozi, ndipo abale awo aakazi onse analinso apongozi. Analipo asanu ndi mmodzi.

Adalowa m'bwalo atavala kabudula wamfupi ndi mashuteira atsopano, azakhali akululutira. Adaima pagolo, nkutambasula manja, nkuwerama bwinobwino monga amachitira a pagolo, mbuyo m'mwamba. Pamenepo ndiye amayi adafika ndi abale awo pamzere, mphasa kumutu, nkuyala kuseri kwa golo, pafupi penipeni, nkukhala pansi mwaulemu, miyendo tambalale.

Amayi aakulu adatsokomola.

Munthu uja adacheuka. Nkhope idatuwa. Adawongoka msanga, nkukokera kabudula pansi, koma kabudula sadatalike. Adayesa kuima chammbali, phewa ku bwalo, maso pansi. Mpira udadutsa ngati mlendo wodziwa njira.

"Werama, iwe!" adakuwa amalume.

Awerame bwanji? Adasunthira ku mtengo wa kumanja. Amayi aang'ono awiri adanyamula mphasa yawo nkusunthira komweko, ati dzuwa. Adapita ku mtengo wa kumanzere, kumeneko nkupeza amayi enieni. Mapeto ake adanjuta pakati pa golo ngati nkhuku yonyowa.

Ndiye amayi, amene sankamulankhula maso ndi maso, adatuma azakhali. "Alamu, tatifunsirani apongozi athuwa ngati adzuka bwino."

Azakhali adafuna kukana, koma moni sakaniza. Adakuwa, "Akuti mwadzuka bwanji!"

Munthu waulemu wake adagwada, nkuyamba kuwomba m'manja. Ali phu, phu, phu, mpira uli m'golo.

"Akuti nanga kunyumba!"

Phu, phu, phu. Chachitatu.

Apongozi anali asanu ndi mmodzi, ndipo aliyense adapereka moni wake payekha, ndi kufunsa za amayi ake, za ng'ombe, za chimanga ngati chamera. Anyamata a ku Fonte Boa adafika poti akumenya mpira akuseka, wina mpaka adagwa yekha. Amalume adathamangira kuseri kwa golo thukuta lili kamukamu.

"Alongo, chokani pamenepa!"

"Tachimwa chiyani, achimwene? Tabwera kudzaona mkamwini wathu ntchito yake, poti kumunda sitidzamuona."

"Kakhaleni uko!"

"Uko kulibe mthunzi. Ndipo mpirawu tayamba kuukonda. Chilimwe chonse tizibwera."

Mtali uja adamva mawu amenewo. Adavula mashuteira, nkuwaika bwinobwino pansi pa mtengo wa golo, nkutuluka chobwerera m'mbuyo kuti asalozetse mbuyo apongozi, mpaka adakagwera mu mzere wa kachewere. Atadzuka adalunjika kudambo. Madzulo ake ankhoswe ake adabwera kudzanena kuti mnyamata waganiza zokhala kwawo.

Ngati kuti sizidakwane, mpira udaphwa tsiku lomwelo. Amalume adakhala pa chitsa, chikopa chili lende pamiyendo, akuganiza za ulendo wa ku Fonte Boa, kukapempha chopopera kwa anthu amene angowamwetsa kumene. Munthu wanga anali ataima kutali, kumene mpira sungafike. Ndidamukodola. Adabwera akukankha njinga, nkunjuta, nkumasula chopopera pa njingapo. Adapopa, adapopa, mpira nkuti nga.

Amalume adaudinda ndi chala. Adaugunditsa pansi. Adayang'ana munthuyo, nkuyang'ana chopopera nthawi yaitali kuposa munthuyo.

"Chimenechi ndi chako, kapena wabwereka?"

"Ndi changa, bambo."

"Ukakwatira chimapita kuti?"

"Kumene ndapita ine."

"Khasu umagwira?"

"Ndimagwira."

"Mbuzi ukufuna?"

"Ayi, bambo."

Ndidatulutsa duku lofiira pansi pa mphasa, ndipo lidafika pamutu panga dzuwa lisadalowe.

Pa kantina adakangana mpaka kukolola. Ena ankati tapusa, tasinthanitsa wa pagolo ndi chitsulo. Ena ankati chitsulo sichikalamba ndipo sichiyasamula. Pagolo adaimapo amalume okha, ndi mimba yawo, atavala mashuteira aja ngakhale ankawathina. Tidagonja chilimwe chonse. Koma mpira wathu unali wolimba kuposa wa mudzi uliwonse, ndipo amayi sadaphonye Lamulungu ndi limodzi lomwe, ali kuseri kwa golo kuwauza achimwene awo aja kuti awerame.