Zenera la a Yosefe

A Yosefe sanali munthu wokhala pansi. Ngakhale pamaliro, anzawo ali chete, iwo ankapezeka akukhoma benchi ya eni ake. Anachokera ku Nambuma kudzakwatira a Florence kufupi ndi Kabudula, m'mudzi wa anthu a CCAP okhaokha.

Mkatolika anali okha. Anayamba kupemphera m'chigafa chawo pamodzi ndi mabanja awiri obwera, fodya akulendewera pamutu, ana akuyetsemula pakati pa kolona. Anthu ankaseka, amvekere, "Mkamwini wabwera ndi tchalitchi chake chomwe!" Opempherawo atachuluka anaumba njerwa n'kuziwotcha. Udzu unachoka, kunabwera malata, ansembe n'kuyamba kufika pa njinga yamoto kudzachita Misa. Kuyambira chitseko mpaka guwa, zonse zinadutsa m'manja mwa a Yosefe. Koma malowo anali akuchikazi.

Chaka chatha a Florence anamwalira. Anthu atameta, abale a malemu anawasudzula a Yosefe monga mwa mwambo, kuti mkamwini azibwerera kwawo. Zinawawawa kwambiri. Ku Nambuma tchalitchi n'chachikulu ndipo chili ndi eni ake. Akakagwirako chiyani?

"Ndingomaliza zenera lakumadzulo la tchalitchichi, ndizipita," anauza a Rodwell, alamu awo, omwe ndi mkulu wa mpingo ku CCAP.

Zeneralo silinathe ayi. Lero alipala, mawa alikhoma, mkuja alizulanso, akuti lapendekeka. Anthu anakolola, fodya anapita ku okushoni, zenera likadali pansi. Katundu anali atamanga kale, koma njinga ikangomveka pamsewu ankasuzumira, poganiza kuti akuchikazi abwera kudzawakumbutsa.

Tsiku lina masana a Rodwell anawapeza akuzula misomali yabwinobwino.

"Alamu, kodi zenerali linakulakwirani chiyani?"

A Yosefe anaika hamala pansi, manyazi atawagwira.

A Rodwell, amene chimangidwire tchalitchicho anali asanapondemo, anavula chipewa n'kulowa. Anayang'anitsitsa malata aja, owala bwino, opanda ndi kabowo komwe.

"Dengali lidontha ili," anatero. "Mukathana ndi zenera, mulionenso. Simungatisiyire chinthu chotere, eti?"

A Yosefe anatembenukira kukhoma, misozi ili lengelenge.

"Lidonthadi, alamu, malo ambiri," anayankha. "Ndipo makwerero ndilibe. Ndiyambe ndapanga kaye."