Kabotolo ka M'jombo

Kuseri kwa chipatala chachikulu, mukapitirira nyumba ya chisoni ndi kochapira, pali ng'anjo yotenthera zinyalala, ndipo pambali pake mupezapo a Phulusa. Dzina lawo lenileni linafufutika pamodzi ndi chiphaso cha pachifuwa. Anayamba ntchitoyi tsitsi lili bii. Lero simungasiyanitse imvi ndi phulusa pamutu pawo. Amatentha zochokera m'mawodi, amatenthanso za Nthambi Yofufuza Mankhwala a Zomera, ya kuseri kwa mpanda. "Pano aliyense ali ndi bwana wake," amatero, "koma zonse zimathera kwa ine."

Akazi awo anali telala wa pakhonde la sitolo. Matenda a shuga anawatsegulira kachilonda pamwamba pa kakolo, kachilondako n'kukula mpaka kufanana ndi kukamwa kwa kapu. Mwendo unatupa, makina osokera anakhala chete, ndipo makasitomala anayamba kulonjera ataima patali. Tsiku ndi tsiku a Phulusa ankaika phazilo pamiyendo pawo n'kumalitsuka ndi madzi a mchere.

Nthawi imeneyo a ku Nthambi anali atakanda khungwa la mtengo wina wa m'phiri, kuliwiritsa, kulisefa, kuliyesa pa makoswe, n'kupanga mafuta opaka pazilonda. Anafuna anthu oyeserapo, ndipo a Phulusa anapita nawo akazi awo. Dokotala wa kafukufukuyo, mayi wofatsa wa magalasi, sanabise kanthu. Theka la mabotolo linali ndi mankhwala enieni, theka linalo mafuta wamba. Onse anali ofanana mtundu ndi fungo lomwe, moti ngakhale iye sankadziwa kuti ili ndi liti.

"Ndiye mukuchiza kapena mukuchita maere?" anafunsa akazi a Phulusa.

"Maere ndithu, mayi," anayankha dokotala, "koma olembedwa bwino."

Maere anawakomera. Chilonda chinayamba kuuma m'mbali, fungo linatha, makina anayambanso kulira.

"Mwaona, amayi? Mukanakwatiwa ndi mphunzitsi ankakufunani uja bwenzi mukupaka choko."

"Khalani chete, abambo. Mukununkha utsi."

Kenaka opereka thandizo la ndalama za kafukufukuyo anapeza matenda ena owasangalatsa, kafukufuku n'kuimira panjira. Komiti Yoteteza Odwala inakumana m'chipinda chozizira, inamwa tiyi, ndipo inagamula kuti mankhwala opanda chilolezo sangaperekedwe kwa munthu kunja kwa kafukufuku, kuopa kuti angamuvulaze. Odwala onse anatetezedwa tsiku lomwelo. Mtengo uja wokha unapeza mwayi wina: kampani ina inausungunula kwambiri, kuthiramo zonunkhira, n'kuyamba kuugulitsa ngati mafuta osalalitsa nkhope. Chilolezo cha zodzola sichinavute, pakuti mafuta odzola salonjeza kuchiza munthu. Alamu awo anabwera nawo mafutawo, mayi n'kupaka. Chilonda chinanunkhira maluwa, chikukulirakulira.

Mabotolo otsala ku Nthambi, lamulo linati atenthedwe pamaso pa mboni. Anawamatula zolemba zonse kuti wina asakopeke, n'kuwakhuthulira pamodzi mu wilibala. Kunabwera mlembi wa komiti, wapolisi ndi dokotala uja. Mlembi anaima patali, kampango kali pamphuno. Wapolisi anali pa foni.

"Adokotala," ananong'ona a Phulusa, "aja ankapaka akazi anga ndi ati apa?"

"Sindidziwa, bambo. Yodziwa ndi kompyuta ya opereka thandizo, ndipo anapita nayo."

Atatero anavula magalasi, natembenukira ku mpanda, n'kuyamba kuwapukuta. Anawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

A Phulusa anatola mabotolo awiri. Anawayesa kulemera m'manja, anawayang'ana padzuwa: mapasa enieni. Mwendo ndi botolo zinkangokwana m'jombo ya kumanja yokha, yomwe inali yong'ambika kukamwa. Anatsetserezamo limodzi, linzakelo n'kuponya pamoto. Ena onse anatsatira ndi fosholo. Utsi wa tsiku limenelo unali wonunkhira bwino, mpaka mlembi anachotsa kampango kuti asaine.

"Mwayamba kuba, abambo?" anafunsa akazi awo ataona botololo.

"Ndangolanditsa pamoto."

"Nanga ndi lenileni?"

"Pakani, amayi."

Anapaka mosinira, kansonga ka chala kokha. M'mawa uliwonse ankamasula bandeji, onse awiri n'kuweramira pachilonda ngati akuwerenga nyuzipepala imodzi. Mayi ankati m'mbalimu mwayamba kuuma. Bambo ankavomera. Kenaka zala za phazi zinayamba kuda.

"Mwina amayamba aipitsa kaye," anatero mayiwo, akukokota pansi pa botolo.

A Phulusa ankaona m'maganizo botolo lina lija likuphulika pamoto. Kapena anasankha mafuta wamba, kapena anasankha bwino koma mochedwa; panalibe ofesi yoti akafunseko. Lipoti lomaliza la Nthambi linangoti zotsatira zinali zolimbikitsa.

Mwendowo anaudula pansi pa bondo. A Phulusa anapempha tchuthi cha tsikulo, koma anawauza kuti palibe wina wodziwa kuyatsa ng'anjo. Cha m'ma masana wokankha ngolo ya zinyalala anafika ndi matumba ofiira a ku fiyeta kochitira opaleshoni, anawatsitsa, n'kubwerera akuimba mluzu. Thumba limodzi linali lalitali. Atalinyamula, manja awo anazindikira kulemera kwake asanaganize n'komwe.

Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe mlembi, panalibe wapolisi. Pa zotere lamulo silifuna mboni. Sanagwire fosholo. Analiika m'ng'anjo ndi manja awiri, pang'onopang'ono, monga ankaikira phazilo pamiyendo pawo, n'kutseka chitseko chachitsulo.

Nthawi yoona odwala itakwana anasamba, nakalowa mu wodi. Akazi awo anali maso, milomo itauma gwa. Anawanunkhiza malaya.

"Mwendo uja wadzera kwa inu?"

"Eya."

"Bola inu kusiyana ndi mlendo." Anayang'ana pomwe bulangete linaphwa. "Makina aja musagulitse, mwamva? Ndidzaphunzira kuponda ndi winawu."

A Phulusa anagwedeza mutu. Maso awo anali pa phazi lotsalalo, lomwe linatulukira kunja kwa bulangete. Pachidendene panali katuza kakang'ono. Anakoka bulangete, naliphimba.